Nambala ya foni ya mwanayo ili m'dzina la yani?

Pali funso limene makolo ambiri sadzifunsa, chonsecho yankho lake lidalembedwa kale m'kaundula wa makampani a mafoni: kodi nambala imene mwana wa m'nyumba mwathu akugwiritsa ntchito pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok ili m'dzina la yani? Kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA limafuna kuti simukhadi iliyonse ikhale yolembetsedwa, ndipo chimene Mmalawi amaonetsa polembetsa ndi chiphaso cha unzika. Chiphasocho, chimene boma lidayamba kulembera anthu mu 2017, chimaperekedwa kwa munthu amene wakwanitsa zaka 16. Ndiye kuti mwana wa Sitandade 8 kapena wa Fomu 1 amene ali ndi foni akuyendera dzina la munthu wamkulu. Mwina ndi la mayi ake, mwina la malume ake, mwinanso la munthu amene makolo sakumudziwa n'komwe.

Ife tikuona kuti nkhani ya udindo wa ana pa masamba a mchezo iyenera kuyambira pamenepa. Mwana akatukwana mnzake pagulu, akafalitsa chithunzi cha mtsikana wa eni ake, kapena akatumiza mphekesera yoika moyo wa munthu pachiswe, tidazolowera kumva mayankho awiri. Ena amati, "Ndi zachibwana izi." Ena amati, "Intaneti yatiwonongera ana." Mayankho onse awiriwa amachotsa mlandu pamutu pa munthu n'kuuponya kumphepo. Koma uthenga uliwonse uli ndi chala chimene chidaulemba, nambala imene idaunyamula, ndi anthu amene adaulandira n'kuupereka kwa ena. Aliyense wa iwo ali ndi gawo lake, ndipo gawo la akuluakulu limaposa la mwana.

Kuti tione bwino mmene zimachitikira, tiyeni tichoke kaye kunyanja kuno tikwere kumtunda, ku Thyolo, kumene kumachokera tiyi amene timamwa m'mawa ndi pa daku m'mwezi wa Ramadhan. Tiyi adayamba kulimidwa m'bomali kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo minda ngati Satemwa, umene udatsegulidwa mu 1923, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi yakhala ikudyetsa mabanja kwa mibadwo ingapo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Thyolo muli anthu oposa 720,000. Nyengo ya mvula ikafika tiyi amaphuka kwambiri, ndipo ntchito imachuluka. Kholo limadzuka m'bandakucha, dengu kumsana, n'kukhala tsiku lonse pakati pa mizere likuthyola masamba awiri ndi nsonga yake, kenako kukaima pasikelo. Pobwerera madzulo thupi limangofuna nsima ndi mphasa.

Tsiku lonselo ana amatsala okha, ena m'makomboni, ena m'midzi yozungulira mindayo. Nthawi zambiri foni imatsala nawo, chifukwa ndi yomweyo imene banja limalandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso ndi mwana amene amatumidwa kukaitchajitsa kumsika ngati kunyumba kulibe magetsi. Kumsikako ndi kumene mnyamata wa pakompyuta amalowetsa nyimbo ndi makanema m'foni popanda kufunsa zaka za amene wabwera nayo. Kholo limadziwa kuti foni ili ndi moto wokwanira. Zimene zalowamo ndi zimene zatulukamo silidziwa.

Aliyense wa ku Makanjira, ku Malindi, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota aona kuti moyo umenewu ndi wathu womwe. Bambo amalowa panyanja dzuwa likamalowa kukasaka usipa ndi nyali, n'kutuluka kutacha. Mayi amatandala pathandala akuyanika nsomba. M'mabanja ochuluka a ku Mangochi ndi ku Machinga bambo ali ku Joni, ndipo mphatso yoyamba imene amatumiza kudzera kwa oyendetsa katundu ndi foni yamakono, kuti azionana ndi ana ake pakanema. Choncho sitikuloza chala mayi wothyola tiyi kapena bambo wa ku Joni ngati anthu otayirira. Ndi kusaka chakudya kumene kumawachotsa pakhomo. Komabe kuchoka pakhomo sikuchotsa dzina lawo pa nambala ija, ndipo sikuchotsa udindo.

Anthu a ku Thyolo akudziwa kuposa ife zimene mawu opanda mwini amachita. Chakumapeto kwa 2002, mphekesera ya anamapopa idagwedeza Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Munthu wina adagendedwa mpaka kufa, ansembe atatu a Katolika adamenyedwa, ndipo mu Januwale 2003 gulu la anthu lidagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre. Nthawi imeneyo mphekesera inkayenda pakamwa, pachitsime ndi m'minibasi. Idabweranso mu Seputembala 2017, kuyambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Nsanje mpaka ku Blantyre. Ulendo uno idapeza foni ili kale m'matumba a anthu ambiri. Magulu a anthu adatchinga misewu n'kumasecha galimoto usiku. Anthu osachepera 8 adaphedwa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo pofika mu Okutobala apolisi adali atamanga anthu pafupifupi 140.

Palibe amene adapezeka ndi chidebe cha magazi. Amene adafa adali anthu wamba, ena alendo m'deralo, ena odwala amene sadathe kudzifotokozera. Mphekeserayo sadaiyambitse ana, ndipo ndi yakale kuposa foni. Koma tikafunsa aliyense amene adainyamula kuchoka pakhomo lina kupita pa lina, yankho likhala limodzi: "Ine ndidangouzako anzanga kuti achenjere." Palibe amene amadziwerengera m'gulu la opha. Mwana wa zaka 14 amene lero akudina kamuvi kotumizira uthenga kumagulu asanu adaphunzira kwa ife akuluakulu kuti wongopereka alibe mlandu.

Eni ake a WhatsApp adafika povomereza kuti wongoperekayo ndiye amayendetsa bodza. Mu 2018, anthu angapo ataphedwa ku India chifukwa cha mauthenga abodza onena za akuba ana, kampaniyo idachepetsa chiwerengero cha malo amene munthu angatumizeko uthenga umodzi panthawi imodzi kufika pa 5. Mu Januwale 2019 lamulolo lidafika padziko lonse, ndipo mu Epulo 2020 adalimangitsanso kuti uthenga umene wazungulira kwambiri uzitumizidwa kumalo amodzi okha. Ngati kampani yopeza phindu pa kuchuluka kwa mauthenga idaona kuti mpofunika kugwira dzanja la wotumiza, kholo lisamaone kutumiza ngati masewera.

Si tsiku lililonse pamene mphekesera imapha munthu. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chachete, ndipo sichifika m'nyuzipepala. Mnyamata amanyengerera mtsikana kuti amutumizire chithunzi chimene sichiyenera kuonedwa ndi wina. Chibwenzi chikatha, kapena akangofuna kudzitama, amachionetsa mnzake. Mnzakeyo amachiponya pagulu la kalasi, ndipo dzuwa lisanalowe chafika m'mafoni a kumsika. Mumzinda waukulu munthu akhoza kubisala m'chikhamu. Pakomboni ya kumunda wa tiyi, kapena pamudzi wa m'mphepete mwa nyanja, aliyense amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Mtsikanayo amaleka kupita kusukulu, amaleka kupita kumjigo, ndipo makolo ake amayenda choweramitsa mutu. Madzi akatayika saoleka.

Tikaulondola mzere umenewu tipeza kuti ana ali koyambirira kokha. Pakati pake pali akuluakulu: bambo wa ndevu zake amene adalemba kuti "nditumizireniko ndione," mayi amene adaonetsa anzake pamaliro uku akupukusa mutu ngati wokhumudwa, ndi woyang'anira gulu amene adaona zonse n'kukhala chete. Chodabwitsa n'chakuti pamapeto pake chilango chonse chimagwera mtsikana. Iye ndi amene amamenyedwa, iye ndi amene amatchedwa maina, ndipo nthawi zina amakankhidwira kubanja kuti manyazi achoke pakhomo. Mnyamata amapitiriza sukulu. Akuluakulu aja amapita kumzikiti ndi kutchalitchi mitima ili mbee.

Malamulo a dziko lino saona nkhaniyi mopepuka chotero. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kuzunza munthu pomutumizira mobwerezabwereza mauthenga olaula kapena oopseza ndi mlandu wa chindapusa cha K2 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka 5. Kusokoneza mtendere wa munthu mwadala ndi mauthenga onyansa ndi mlandu wa K1 miliyoni ndi miyezi 12. Zithunzi zolaula za mwana ndiye mlandu waukulu koposa: K10 miliyoni ndi zaka 15, ndipo umagwira wojambula, wofalitsa ngakhalenso wongosunga m'foni mwake. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sadakwanitse zaka 18. Bambo uja wopempha kuti amutumizireko aganizire bwino mawu amenewa.

Mwana wolakwayo naye sali kunja kwa lamulo. Ku Malawi munthu akhoza kuyankha mlandu kuyambira zaka 10, ngakhale kuti lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 lidakhazikitsa njira yapadera yoweruzira ana, imene cholinga chake ndi kuwongola. Anthu a ku Thyolo safunika kuuzidwa kumene mnyamata wosamva amathera, pakuti ndende ya achinyamata ya ku Bvumbwe ili m'boma lawo lomwelo. Ndipo apolisi akayamba kulondola nambala imene idatumiza uthenga, khomo loyamba kugogoda ndi la munthu amene dzina lake lili m'kaundula. Mayi wothyola tiyi amene sadalowepo pa Facebook akhoza kuitanidwa kupolisi, n'kutaya malipiro a tsikulo, kuti akafotokoze mawu amene sadalembe.

Pano tiyenera kunenanso chimene sichikutisangalatsa pa kagwiritsidwe ntchito ka lamuloli. Milandu yake imene imamveka kwambiri ndi ya anthu oganiziridwa kuti anyoza atsogoleri. Mu 2024 bwalo la milandu m'boma la Dowa lidagamula bambo wina kuti alipire K200,000 kapena akakhale m'ndende miyezi 6 chifukwa choponya pagulu la WhatsApp kanema ndi mawu onyoza mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo. Mlanduwo ukutiphunzitsa kuti zolembedwa pagulu si zachinsinsi. Koma ukutisiyanso ndi funso: kodi mtsikana wa Fomu 2 wa ku Thekerani kapena wa ku Namwera akakadandaula za chithunzi chake, apolisi adzathamanga liwiro lomwelo? Mtsogoleri ali ndi omuteteza ambiri. Mwana wa wothyola tiyi ali ndi lamulo lokha, ndipo lamulo likamuchedwera ndiye kuti alibe kalikonse.

Kwa ife Asilamu, funso la wongopereka uthenga lidayankhidwa kalekale ku Madina. Pobwerera kuchokera ku nkhondo ya Banu Mustaliq, Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, adatsalira m'mbuyo pofunafuna mkanda wawo, ndipo adafika pambuyo pake ataperekezedwa ndi Swahaba wina. Abdullah ibn Ubayy, mtsogoleri wa achiphamaso, adapekapo bodza. Koma bodzalo silikadayenda likadapanda kupeza miyendo pakati pa okhulupirira enieni. Mistah ibn Uthatha adali mmodzi wa omenya nkhondo ya Badr. Hassan ibn Thabit adali mlakatuli woteteza Chisilamu. Hamnah bint Jahsh adali mlamu wa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye. Atatuwa sadapeke nkhaniyo. Adangoimva n'kuinenanso. Kwa mwezi wathunthu nyumba ya Mtumiki idali m'masautso, mpaka ndime za m'Surah An-Nur zidatsika kuyeretsa Mayi Aisha, ndipo mabuku a mbiri amati atatuwo adalandira chilango cha onamizira.

Ndime zimenezo zimadzudzula mwachindunji anthu amene amalandirana nkhani imene alibe nayo umboni n'kumaiyesa yaing'ono, pamene kwa Allah ili yaikulu. Surah Al-Hujurat nayo imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kuvulaza anthu mwaumbuli n'kudzanong'oneza bondo pambuyo pake, ndipo imaletsa kusekana, kupatsana maina achipongwe, kufufuzana zinsinsi ndi kujedana. Amene akuwerenga ndime zimenezi akuganizira za 2017 ku Thyolo, kapena za gulu la WhatsApp la kalasi ya mwana wake, aona kuti palibe chachilendo chimene foni yabweretsa kupatula liwiro. Mjedo umene kale unkatenga mwezi kuti uzungulire mudzi lero ukutenga nthawi ya pakati pa Maghrib ndi Isha.

Nanga mwanayo ali ndi gawo lanji? Chisilamu sichidikira zaka 18. Munthu amayamba kulembedwa zochita zake akatha msinkhu, ndipo m'mazihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata, wofika zaka 15 amawerengedwa kuti watha msinkhu ngakhale zizindikiro zisadaoneke. Mnyamata amene timamudzutsa kuti akaswali Fajr ndi kumanga Ramadhan yonse sangakhale wamkulu pa Swala n'kukhala khanda pa foni. Akatswiri a Fiqh amanenanso kuti ngakhale mwana wamng'ono, amene alibe tchimo, akawononga chinthu cha mwini chiyenera kulipidwa. Mwambo wathu umagwirizana nazo: mbuzi za pakhomo zikadya chimanga cha eni, mwini khola sanena kuti ankaweta ndi mwana. Mbiri ya mtsikana ndi yamtengo wapatali kuposa munda wa chimanga.

Ndiye gawo la kholo ndi ili: foni yoperekedwa kwa mwana ndi amanah, chinthu chosungitsidwa chimene tidzafunsidwa. Palibe msodzi amene amapatsa mwana wa zaka 12 bwato n'kumuuza kuti apite yekha pakati pa nyanja nthawi ya mwera. Amayamba naye m'mphepete, amamuphunzitsa kuwerenga mphepo, ndipo amamusiya yekha akaona kuti wakhwima. Foni imafuna maphunziro omwewo. Asanailandire, mwana amve kuchokera pakamwa pa kholo kuti nambala iyi ili m'dzina langa, ndipo chilichonse chotuluka m'menemu chikutuluka m'dzina langa. Amve kuti foni igona kuchipinda kwa makolo, ndiponso kuti kholo lidzaitsegula nthawi ina iliyonse iye ali pomwepo.

Ena adzati kutero ndi kufufuza zinsinsi kumene Qur'an idaletsa. Pali kusiyana. Kufufuza koletsedwa ndi kozemba, kosaka zolakwa za munthu kuti umuyalutse. Kuyang'anira mwana ndi pangano lapoyera, lodziwika kuyambira tsiku loyamba, ndipo kumachepa mwanayo akamakula ndi kuonetsa kukhulupirika. Enanso adzati, "Ife sitidapite kusukulu, za mafonizi tizidziwa bwanji?" Kholo silifunika kudziwa Chingerezi kuti lifunse kuti gulu ili ndi la ayani, munthu uyu amene amaimba usiku ndi ndani, ndipo mayunitsi akuchokera kuti. Mauthenga ambiri masiku ano ndi a mawu ndi zithunzi, zimene khutu ndi diso la kholo lililonse zimatha kuweruza. Pakavuta, mwambo udatipatsa kale munthu. Kwa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, malume ndiye mwini mbumba. Amjomba amene amaitanidwa pa chinamwali ndi pa ukwati aitanidwenso pa foni, makamaka kumene bambo ali ku Joni.

Funso loposa onse ndi la foni imene kholo silidagule. Mtsikana wa pasukulu akapezeka ndi foni yatsopano ndi nambala yosadziwika dzina, pamene malipiro a pakhomo sakwanira ndi thumba la feteleza lomwe, pali wina amene walipira, ndipo ameneyo akuyembekezera kubwezeredwa. Kholo limene limakondwera kuti mwana wadzipezera yekha likhale likudziwa kuti walira mvula walira matope. Apa mpofunika kufunsa mofatsa, mopanda chikwapu, chifukwa mwana woopa kumenyedwa amabisa, ndipo chobisikacho ndicho chimene munthu woipa amadalira.

Tisaiwalenso kuti ana amaonera ife. Magulu a WhatsApp a mabanja, a mizikiti ndi a madrasa ndi odzaza ndi mauthenga amene palibe adawafufuza: mankhwala ochiza matenda onse, Hadith zopanda gwero zolonjeza tsoka kwa amene satumiza kwa anthu khumi, zithunzi za anthu ovulala pangozi achibale awo asanauzidwe, ndi nkhani zonyoza mashehe a mbali ina. Mwana amene amaona bambo ake akutumiza zoterezi akangochoka pa mkeka wa Swala sangamve ulaliki wa kusamala. Woyang'anira gulu naye adziwe kuti ali ngati mwini bwalo. WhatsApp idamupatsa mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina ndi yochotsa munthu pagulu. Akasiya chonyansa chikhale, wavomereza.

Kumzikiti ndi kumadrasa kuli mpata umene sukulu ilibe. Ustazi amakumana ndi ana masana aliwonse, ndipo khutuba ya Lachisanu imafika m'makutu a abambo amene sabwera kumisonkhano ya makolo. Nkhani ya Mayi Aisha iphunzitsidwe pamodzi ndi kamuvi ka pa foni, kuti mwana aone kuti Mistah wa lero ndi ndani. Mabungwe athu, Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, pamodzi ndi Radio Islam, ali ndi njira zofikira mudzi uliwonse. Ku Thyolo, kumene Asilamu ndi Akhristu amathyola tiyi mumzere umodzi ndipo ana awo ali pagulu limodzi la kalasi, ntchitoyi ndi ya shehe, m'busa, mphunzitsi wamkulu ndi nyakwawa pamodzi. Eni minda, amene ali ndi sukulu ndi zipatala m'malo awo, akhoza kupereka malo ndi nthawi yoti makolo aphunzire.

Makampani a masambawa tisawasiye. Facebook, TikTok ndi WhatsApp amati wolowa akhale wa zaka 13 kupita m'tsogolo, koma mlonda wa pachipata chawo amangofunsa chaka chobadwa n'kukhulupirira chilichonse chimene mwana walemba. Mu 2018 kampani ya Facebook idavomereza kuti sidachite zokwanira poletsa tsamba lake kugwiritsidwa ntchito yokolezera chidani ku Myanmar, kumene Asilamu a mtundu wa Rohingya adaphedwa ndi kuthamangitsidwa. Chimodzi mwa zifukwa chidali kuchepa kwa antchito odziwa chilankhulo cha kumeneko. Ife tili ndi ufulu wofunsa kuti chitukwano cha m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chichewa chikadandaulidwa, akuchiwerenga ndani. Dziko la Australia lidakhazikitsa lamulo mu 2024, limene lidayamba kugwira ntchito pa 10 Disembala 2025, loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba akuluakulu a mchezo. Chilango chake, chofika madola a ku Australia 49.5 miliyoni, chimagwera kampani, osati mwana kapena kholo. Malawi payekha ndi msika waung'ono, koma pamodzi ndi maiko anzake a SADC akhoza kumveka. Pakadali pano, MACRA ndi makampani a mafoni atseke mpata wa ogulitsa simukhadi zolembetsedwa kale m'maina a anthu ena, chifukwa nambala yopanda mwini weniweni ndiyo pobisalira wozunza ana.

Alipo makolo amene atopa ndipo akuti njira ndi kulanda mafoni onse. Tikumvetsa mkwiyo wawo, ndipo kwa mwana wa ku pulaimale palibe chifukwa chokhalira ndi foni yakeyake. Koma kwa wa ku sekondale, kulanda kokha sikuphunzitsa. Adzabwereka ya mnzake, kumene diso la kholo silifika. Komanso foni yomweyo ndi imene ikumuthandiza kupeza mafunso akale a mayeso, kumvera Qur'an ikuwerengedwa bwino, ndi kulankhula ndi bambo ake ali ku Durban. Tsiku lina adzachoka pakhomo ndipo adzakhala nayo yekha. Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo sitiwongola mtengo poubisa kudzuwa.

Zikachitika kale, dongosolo likhale lomveka. Mwana wolakwiridwa atetezedwe poyamba: asamenyedwe, asachotsedwe sukulu, asakwatiwitsidwe. Mauthenga oopseza ndi nambala za otumiza zisungidwe ngati umboni, ndipo nkhani ipite ku ofesi ya Victim Support Unit kupolisi kapena pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Nkhani ya zithunzi za mwana isathere pabwalo la mfumu ndi nkhuku ziwiri. Mwana wolakwayo, ngati mlandu wake ndi wa mawu, abweze pamalo pomwe adalakwira. Adanyoza pagulu, apepese pagulu lomwelo, ndipo makolo ake apite okha kunyumba kwa olakwiridwa. Akatero asatsekeredwe khomo. Abu Bakr, Allah asangalale naye, adalumbira kuti sadzathandizanso Mistah, m'bale wake wosauka amene adanena zoipa za mwana wake Aisha, koma ndime itatsika yolimbikitsa kukhululuka, adabwezeretsa thandizolo. Chilango chidaperekedwa, kenako munthu adabwezedwa pakati pa abale.

Makolo anzathu a ku Thyolo ndi a kunyanja kuno, ntchito sidzatipatsa tchuthi choti tilere ana. Tiyi adzaphukabe, usipa udzafunabe nyali, ndipo ulendo wa ku Joni sudzatha msanga. Koma funso lathu silifuna tsiku lonse. Madzulo ano, mbale zikachotsedwa, itanani mwana abwere ndi foni yake, mumufunse kuti nambalayo ili m'dzina la yani. Ngati ili m'dzina lanu, muuzeni tanthauzo lake. Ngati ili m'dzina la munthu amene simukumudziwa, musagone musanadziwe kuti ndi ndani.

Allah atisungire ana athu, ndipo atisunge ifenso ku zimene malirime ndi zala zathu zimanyamula.